Akalaliki Ali M'chitini Chiti?

Lolemba

Okutobala. Malata akulira okha ndi dzuwa. Mphepo kulibe, fumbi lokha likuyendayenda ngati lilibe kwawo.

Loweruka likubwerali tikuvundukula chiliza cha mkazi wanga Nambewe ku Wimbe. Mmisiri wamaliza. Za lole ndi chakudya wakonza Tadala, mwana wathu, ali ku Lilongwe komweko pa foni. Ine ntchito yanga ndi imodzi yokha: kupeza Akalaliki.

Ndilembe bwino, ndingadzaiwale chimene ndinkavutikira.

Nambewe wandisiyira khonde lodzaza zitini. M'zitinimo muli zomera zaminga zija m'mabuku amati kakitasi. Anthu a kuno ku Kaluluma amangoti nkhadze za aphunzitsi. Choyamba anapatsidwa ndi sisitere wina, akadali mtsikana pa sukulu ku Nkhamenya. Zinazo anatolera moyo wake wonse. Kulikonse kumene amutumiza kukaphunzitsa, zoyamba kukwera lole ndi zitini, kenako mipando, ine pomalizira.

Mayina a m'mabuku sankawadziwa ndipo sankawafuna. Chilichonse anachitcha dzina la munthu. Amene ndikuwadziwa ndi awa:

— Asisitere. Choyamba chija. Oyera, owongoka, sasintha chaka ndi chaka.
— Apongozi. Masamba ngati zikhatho, timinga tosaoneka. Ukangowakhudza umayabwa sabata yathunthu. Ankati ndi mayi anga. Sindinatsutse.
— Ahedi. Aatali, atsamira khoma, palibe chimene amachita.
— Sitandade Wani. Timbande m'beseni lakale, anafesa yekha asanadwale. Timitu ngati nandolo, tambirimbiri, tonse tofanana.

Ndiye pali Akalaliki. Ameneyo ndine. Zaka zanga zonse zamphamvu ndinathera pa esiteti ya fodya, kuyeza mabelo ndi kulemba, ndipo dzinalo linanditsatira mpaka kuchipinda. Chomera china pakhondepa anachitcha Akalaliki. Koma chiti? Sanandiuze. Ndikafunsa ankangoseka: "Inu odziwa giredi ya fodya ndi fungo lokha, mungalephere kudzidziwa nokha?"

Kuchipatala, mvula ya Januwale ikugunda pawindo, anati: "Pachiliza changa musadzaike maluwa apulasitiki. Mudzabzale Akalaliki, ndidzakhale ndi wokangana naye."

Iye wagona kwawo ku Wimbe, pafupi ndi amayi ake. Ine ndikadzafa adzanditengera kwathu ku Dowa, pafupi ndi amayi anga. Ndi mmene zimakhalira. Zaka zonsezi bedi limodzi, pamapeto manda awiri. Choncho chitini chimenechi n'chimene chikandiimire. Ndipo kumanda kwa eni sikulowedwa ngati kumsika. Njira imatsegulidwa pa maliro kapena pa chiliza basi. Mpata wanga ndi Loweruka.

Chizindikiro anandisiyira chimodzi: "Amachita duwa lachikasu kamodzi pachaka, nthawi ya nazale. Tsiku limodzi lokha, ngati kuseka kwanu."

Nazale zayamba. Kudambo anthu anatentha kale mapesi pamabedi, akuthirira m'mawa ndi madzulo. Nthawi yake ndi ino.

Lero ndapatula zitini, mwadongosolo, ngati pogireda fodya. Zimene zili ndi timphundu ta maluwa tosatseguka zatsala pakhonde. Zapezeka zitatu:

— Wamtali. Wowongoka, mizere yake ngati thalauza lositidwa. Ulemu wake ukuonekera patali. Mumtima mwanga ndikudziwa kale kuti ndi ameneyu.
— Wamapewa. Wakweza manja awiri ngati munthu wofuna kufunsa funso pamsonkhano.
— Watimitu. Wadzaza chitini ngati banja la tenanti m'nyumba ya chipinda chimodzi. Kufanana sindikukuona, koma mphundu ali nazo.

Zotsala zonse, kupatula beseni la Sitandade Wani, ndakaika kuseri kwa chigafa, zisandisokoneze. Pakati pake pali kena kakafupi, konenepa pamimba, minga yokhotakhota, pamutu kadazi kozunguliridwa ndi ubweya woyera. Mphundu sindinaone. Kameneka sikangakhale munthu aliyense wodziwika.

Ntchito yatsala ndi yochepa. Kudikira duwa, kuona mtundu, kunyamula chitini. Pofika Lachinayi ndikhala nditamaliza!

Lachiwiri

Tadala pa foni: "Adadi, bwanji kudikira ngati kale? Ndinakuikirani chojambulira zomera mu foni yanuyo. Mungojambula, chikuuzani dzina, ndiye tidziwa kuti duwa lake limakhala lotani."

Chabwino. Sindine munthu wokana zatsopano.

Vuto ndi lakuti netiweki pakhonde palibe. Ili pachulu cha m'mbali mwa msewu, pamwamba penipeni, ukayang'ana kumpoto. Ndiye ntchito yake ili motere: kujambula pakhonde, kuyenda, kukwera chulu, kukweza dzanja, kudikira, kutsika. Mawondo awa anakwera mabelo a fodya ali anyamata. Lero akulira pa chulu.

Zimene foni yanena:

— Wamtali: nkhaka.
— Wamtali yemweyo, nditajambula cham'mbali: chimanga chachiwisi.
— Wamapewa: dzina lalitali, lopinda lilime, ngati la pabotolo la mankhwala a mbozi. Kwawo akuti ndi ku Mekisiko. Duwa lake limakhala loyera, lofiira kapena lachikasu. Zikomo kwambiri!
— Watimitu: "Jambulaninso pafupi." Ndajambula pafupi. Munga m'chala.
— Chala changa, chitalowa m'chithunzi mwangozi: bowa. Akuti wosadyedwa.

Ndipo pansi pa yankho lililonse pali mawu omwewo: kuti tidziwe bwino, jambulani duwa. Ndikanakhala nalo duwalo, ndikanakwera chulu?

Wakabaza wina akudutsa, ine ndili pamwamba ndakweza dzanja: "Ngumbi sizinayambe, madala! Dikirani mvula!"

Ndadikira fumbi lake lithe, ndatsika mwaulemu.

Masana ndikuchotsa munga. Pini ya Nambewe ikadali pamene ankaisunga, pa nsalu ya pawindo. Kale ndikabayidwa ankandikhazika pampando uwu, dzanja langa pabondo pake, pini m'manja, mawu osatha: "Ndinakuuzani kuti Apongozi amapatsidwa moni patali." Ankachotsa msanga, koma dzanja ankachedwa kulibweza.

Lero ndekha, ndi mandala awiri pamphuno, ndikukumba chala ngati ndikufuna mbewa. Munga watuluka theka.

Mphundu sizinasinthe. Ndaziyang'ana kambirimbiri. Zikundiyang'ananso.

Lachitatu

Ndakhala ndikubisa nkhani ina, ngakhale kwa Tadala, kuopa kusekedwa. Tsopano ndingolemba, poti yatha.

Sabata yatha m'beseni la Sitandade Wani munamera zatsopano. Tobiriwira, timasamba tiwiri, minga palibe. Ndinati ndi mtundu wina umene Nambewe anafesa, unagona m'dothi miyezi yonseyi, wadzuka tsopano kudzaperekeza chiliza. M'mawa uliwonse ndakhala ndikutipatsa moni. Dzulo ndinatijambulanso. Foni inati letesi.

Lero tatulutsa masamba ena awiri, tapanga kamtanda. Ndavala mandala. Timasambato tili ndi tiubweya. Ndagwira kamodzi, ndanunkhiza chala.

Fodya!

Fodya wa bale, wosasakaniza. Ndakhala pansi, nkhani yonse yabwera yokha. Keni yanga inabooka. Ndinakabwereka ya aNyagondwe, anansi athu a kuseriku, tsiku lomwe iwo anafesa nazale yawo. Mbewu ya fodya ndi fumbi. Imathiridwa m'keni, kusakaniza ndi madzi, n'kufesa pothirira. Zotsalira m'kenimo ndinafesa ine, ndi manja anga, pamwamba pa ana a Nambewe.

Munthu wobadwira m'fodya, wokalambira m'fodya, ndatha sabata ndikuuza fodya kuti mwadzuka bwanji.

ANyagondwe abwera kudzabwereka chikwanje, ndawaonetsa. Aseka mpaka atsamira mzati, Chitumbuka chawo chatulukira pomwepo. "Ni hona uyo, adada! Musamale, chaka chino mukagulitsa ku okushoni beseni lathunthu."

Poti anali mnzake wa Nambewe, ankakhala naye pakhonde lino madzulo ambiri akusenda mtedza, ndawafunsa za Akalaliki. Ayang'ana Wamtali. Ayang'ana Wamapewa ndi Watimitu. Kenako ayang'ana ine, makamaka cha kumutu, nthawi yaitali kuposa imene ulemu umalola.

"Zinazo zili kuti?"

Ndawafotokozera kuti zinazo zinalephera mayeso Lolemba.

Atseka pakamwa ndi chitenje. "Ine nkhumanya yayi, adada. Sanandiuzepo." Apita, mapewa akugwedezeka. Chikwanje aiwala.

Anthu ena akaona wamasiye amaseka chilichonse.

Fodyayo sindinazule. Ndinati ndizule, dzanja lakana. Wandikumbutsa chaka chathu choyamba, tisanakhale ndi Tadala, pamene tinayesa kulima kamunda kathu. Nazale kudambo, makeni awiri, mame m'miyendo. Nambewe ankathirira asanapite kusukulu, choko chili m'thumba la diresi, nsapato atazikoleka pamtengo. Fodya ankadana naye kuyambira pamenepo. "Mbewu yofuna kuleredwa ngati khanda, koma yobwezera ngati mdani." Zamingazi ankazikonda chifukwa sizipempha. "Zimapirira ngati mkazi wa kalaliki."

Ine ndinkati akundiyamikira.

Madzulo: mphundu za Wamtali zatupa pang'ono. Ndikulumbira zatupa.

Lachinayi

Zatupadi! Pansonga pa mphundu imodzi ya Wamtali pakuoneka kamtundu. Kotuwa. Ukayang'ana uli kumanja n'kachikasu, ukayang'ana uli kumanzere n'koyera. Ndikuyang'ana ndili kumanja.

Wamapewa nayenso wayamba. Watimitu ali ndi timphundu kuzungulira mutu uliwonse ngati mikanda. Mawa zitseguka, kapena Loweruka m'mawa lole isanabwere. Nthawi ilipo.

Ndaika mpando pakhonde, ndikulondera. Adani ndi awa:

— nkhuku, zimene zimajompha chilichonse chozungulira;
— mbuzi ya aNyagondwe, imene inadyapo kolala ya malaya anga;
— dzuwa;
— ine mwini. Kawiri konse ndapezeka nditagwira kamtengo ka machesi, ndikufuna kusuzumira m'kati mwa mphundu. Ndakaponya kutali.

Chakumasana kwafika alamu. A Mbewe, achimwene ake a Nambewe, mwini mbumba, mlimi wa fodya amene ku Wimbe konse amamuloza ndi chala. Abwera kudzaperekeza chimanga, mbuzi ya pamwambo ndi ine, mwa dongosolo limenelo.

Alamu ndi munthu wabwino. Vuto lawo ndi limodzi: sadziwa kukhala pansi. Moni tisanamalize, amanga kale chitseko cha khola. Madzi akumwa amwa ataimirira, diso lili padenga, akuwerenga misomali yosowa.

Afika pa zitini, manja kumbuyo, ngati mlangizi. Apukusa mutu.

"Mlongo wangayu m'kalasi anali katswiri, koma ulimi ayi. Mbewu kuilera kuyambira pa utsikana, osafika ndi m'chiuno momwe?"

Za Akalaliki sindinawauze. Mlamu wako ungamuuze bwanji kuti ukudzifunafuna m'chitini? Ndangoti: "Zitatuzi n'zofunika kwambiri, alamu. Zikupita kuchiliza. Ndikufuna zikaoneke bwino."

"Siyirani ine," atero.

Ndayankha kuti zikomo. Ndi mawu amene anthu amanena.

Tadya, tacheza za mitengo ya feteleza, za mvula ya chaka chatha, za anthu amene anamwalira. Akaseka, amatsinzina diso limodzi ngati Nambewe. Ndinali nditaiwala zimenezi. Ndayang'ana kumbali.

Lachisanu

M'mawa ndapita ku tredingi kukagula nsalu yoyera yophimba chiliza ndi kukameta. Wometa akuti: "Kwa inu, bwana, ntchito ndi ya m'mbali mokha." Aliyense masiku ano ndi wanthabwala.

Ndisanachoke ndinaona mphundu ya Wamtali itayamba kung'ambika pansonga. Ndinayenda mofulumira ulendo wonse, kupita ndi kubwera.

Ndafika dzuwa lili pamutu. Alamu ali pakhonde, akumwetulira, zala zonse zokulungidwa ndi tinsanza.

Zimene achita m'mawa umodzi:

— Athena zonse zitatu. Monga mmene timadulira nsonga ya maluwa pa fodya kuti masamba anenepe. Mphundu iliyonse, yaikulu ndi yaing'ono. Palibe yotsala. Alamu sachita ntchito yatheka.
— Achotsa mphukira. Watimitu tsopano ali ndi mutu umodzi.
— Feteleza, chitini chilichonse kachibakera kake.
— Madzi mpaka kusefukira. Khonde lili ngati dambo.
— Beseni la Sitandade Wani alipalira. Azula "tiudzu taminga" tonse kuti fodya apume, aphimbira ndi udzu wouma bwinobwino. Akuti nazale yanga ndi yaing'ono koma mbande zake n'zabwino.

"Duwa limadya mbewu, alamu," akutero. "Mukalisiya mphamvu yonse imathera kumeneko. Muona mmene zinenepere. Mlongo wanga ndinkamuuza, sankamva."

Ndayang'ana tinsanza ta m'zala zawo.

Ndingakalipire bwanji munthu amene walowetsa minga m'zala zake zonse chifukwa cha mlongo wake? Mlimi wa fodya akaona duwa pa mbewu, dzanja limapita lokha. Ndikudziwa. Inenso ndinakulira momwemo. Cholakwa n'changa: ndinasiya mphundu ndi mlimi pa khonde limodzi.

Ndathamangira kudzala ndi supuni ndi mbale. Ana a Sitandade Wani ali mbwee paphulusa, timizu m'mwamba. Ndatola amene ndawaona, ndawabzala m'chivundikiro cha poto. Mphundu nazo ndazisaka. Zambiri nkhuku zadya. Zimene ndapeza ndazing'amba ndi chikhadabo. M'kati n'zotuwa zonse, zosapsa, zopanda mtundu. Ina ngati yachikasu. Ina ngati yoyera. Ina ngati chilichonse chimene munthu akufuna.

Imodzi ndaijambula, ndakwera nayo chulu. Foni ikuti kabichi.

Ndaimbira Tadala ndili pomwepo. Ndamva akulimbana ndi chiseko. "Adadi, pepani. Ingotengani zonse zitatu. Amami sankadana ndi alendo."

Madzulo ndawakhazika alamu pampando uja, dzanja lawo pabondo langa, pini ya Nambewe m'manja mwanga. Zala zawo n'zolimba ngati khasu. Sakudandaula. Akuyang'ana kutali, akulankhula okha.

"Ali mwana, bambo akatituma kukathena fodya, iye ankasiya mtengo umodzi kumapeto kwa munda, kuti aone duwa lake. Chaka chilichonse ankakwapulidwa. Chaka chilichonse ankasiya."

Apukuta maso ndi kansanza. Sakuona chilichonse chachilendo m'nkhani yawoyo.

Ndachotsa minga yonse.

Loweruka

Lole yafika m'mamawa. Kutsogolo amayi achikulire. Kumbuyo matumba a chimanga, nkhuni, amayi a mvano ndi nyimbo zawo, mbuzi, alamu, ine ndi zitini zitatu pakati pa miyendo. Monga kale: zitini poyamba, ine pomalizira.

Msewu ndi womwe uja. Minda yapsa, mizere yakonzedwa, zigafa zili mbee kudikira chaka china. Pano ndi pamene lole ina inatitayira kabati tikusamuka. Apo ndi pamene Nambewe anaimitsa dalaivala kuti akapemphe kanthambi kaminga pa mpanda wa munthu wosamudziwa. Tinadikira ola, iye akucheza ndi mwini mpanda ngati abale.

Mbuzi yayesa kulawa Wamapewa. Yalapa. Ulendo wonse yayang'ana kwina.

Ku Wimbe anthu ndi ambiri. Tadala wandikumbatira, wayang'ana zitini, waluma mlomo. Njira ya kumanda yatsegulidwa, talowa mwa mzere. Mthunzi, masamba ouma, njiwa. Abusa apemphera. Nsalu yachotsedwa.

Dzina lake pamwala. Zilembo zowongoka, akanazikonda. Ankadana ndi zolemba zopendekeka.

Nkhata zabwera. Zapulasitiki zonse! Zofiira, zapinki, zina zonyezimira. Aphunzitsi anzake, a kutchalitchi, a kuchimuna, a kuchikazi. Munthu sungakanize nkhata. Pepani, Nambewe, pamenepa ndagonja ndisanayambe.

Kenako ine. Adzukulu andibwereka khasu. Ndakumba maenje atatu cha kumutu. Kumbuyo kwanga manong'onong'o:

"Akutchinga afiti?"

"Ndi mankhwala amenewo. Anthu a ku Dowa."

"Bola akanabzala nkhadze, imakula msanga."

"Kameneko kamutu umodzi kakudwala."

Wamtali ndamuika pakati. Ndatsendera dothi ndi manja. Ndanena chapansipansi, kuti adzukulu asamve: "Mmodzi mwa awa ndine. Musankhe nokha. Koma mukudziwa kuti ndi wapakatiyo."

Akanakhalapo akanayankha.

Tatuluka, tasamba m'manja, njira yatsekedwa kumbuyo kwathu. Chakudya, zolankhula, kuthokoza. Alamu alankhula m'malo mwa banja, anditchula kuti ndine mkamwini amene sanavutepo. Potsanzikana andigwira dzanja ndi zala zawo zansanza.

"Musade nkhawa ndi mbewu zanu, alamu. Tikamalowa pa maliro ena ndizidzazithenanso."

Lamulungu

Nyumba ili zii. Ndabwera kutchalitchi, ndavula jekete, ndamwa tiyi ndekha. Khonde likuoneka lalikulu. Feteleza wa alamu wasiya mabala oyera pasimenti.

Ndati ndibweze zitini zija ndinakaika kuseri kwa chigafa Lolemba. Kumeneko alamu sanafikeko. Nanenso sindinapondeko sabata yonse.

Asisitere ali bwino. Ahedi atsamira mzati wa chigafa, apeza kale pogwira ntchito. Apongozi ndawapatsa moni patali.

Kenako kumapeto, pafupi ndi jeke yakale yomangira mabelo.

Kakafupi kaja. Konenepa pamimba kaja. Pamutu pake, pakati penipeni pa dazi, duwa. Lalikulu kuposa mutu womwewo. Lachikasu. Osati ukayang'ana uli kumanja. Lachikasu kumanja, kumanzere, kutsogolo ndi kumbuyo, ngati fodya wa giredi yoyamba. Mphundu inabisala mu ubweya woyera uja nthawi yonseyi.

Ndaima. Ndavula mandala, ndapukuta, ndavalanso.

Wamfupi. Mimba patsogolo. Minga yokhota, yoopseza koma yosabaya kwenikweni. Imvi m'mbali mokha.

Ndagwira pamutu panga, pamene wometa anati palibe ntchito.

Nambewe! Zaka zonsezi!

Ndaseka. Ndekha, kuseri kwa chigafa, mpaka nkhuku zathawa. Kamodzi pachaka, nthawi ya nazale. Ananena zoona pa zonse ziwiri.

Sindinajambule. Chulu chikhale.

Tsono zinthu zili motere. Nambewe wagona ndi alendo atatu: wina wamtali wodzimva, wina wofunsa mafunso, wina wodwala. Akangane nawo amenewo. Akalaliki atsala ku Kaluluma. Lole inapita, njira ya kumanda inatsekedwa, ndipo sidzatsegulidwa mpaka ku Wimbe kutagwa maliro. Ndakhala pansi, ndaganizira onse a kumeneko mmodzimmodzi. Palibe amene akutsokomola. Alamu ndiye athanzi kuposa onse.

Ndanyamula chitinicho, ndachiika pakhonde pambali pa mpando wanga. Chivundikiro cha Sitandade Wani ndachiika pamthunzi. Ena afota, ena aima. Fodya m'beseni akukondwa, ndiye yekha wapindula sabata ino.

Dzuwa likupendeka. Duwa layamba kudzitseka, pang'onopang'ono, ngati munthu amene wazindikira kuti waonekera kwambiri.

ANyagondwe abwera kudzatenga chikwanje chija. Aima pamasitepe. Ayang'ana chitini, ayang'ana ine. Lero chitenje sanatseke nacho pakamwa.

"Mwatandala uli, mose ŵaŵiri?"

Ndayankha kuti taswera bwino. Tonse awiri.

Tikudikira. Ife kudikira sikutivuta, sitifuna madzi ambiri.